Mtolankhani wopanda chiphaso: mmene Martha Gellhorn ankalembera nkhondo

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mtolankhani sankangonyamula cholembera n'kulunjika komwe kukulira mfuti. Choyamba nyuzipepala kapena magazini yake inkamupemphera chiphaso kwa akuluakulu a asilikali. Akachipeza ankavala yunifolomu koma osanyamula mfuti, ndipo ankawerengedwa ngati kaputeni kuti adani akamugwira asamuyese kazitape. Chiphasocho ndicho chinkamupezetsa galimoto, chakudya, pogona komanso mwayi wotumiza nkhani kwawo pa telegalamu. Naye ankavomera kuti nkhani iliyonse idutse kaye m'manja mwa msilikali wounika, amene ankafufuta mayina a magulu a asilikali, komwe ali ndi komwe akulowera. Atolankhani achizimayi anali ndi lamulo linanso: asapitirire pamene pathera zipatala ndi anamwino.

Martha Gellhorn, mayi wa ku America amene anatola nkhani za nkhondo kwa zaka zoposa 50, anagwira ntchito yake yambiri kunja kwa dongosolo limeneli, nthawi zina mwadala, nthawi zina chifukwa chomutsekera khomo. Kalembedwe kake kanachokera pamenepo.

Anabadwa pa 8 Novembala 1908 ku St. Louis. Bambo ake anali dokotala, mayi ake ankamenyera ufulu woti amayi azivota. Gellhorn anasiya sukulu ku koleji ya Bryn Mawr asanamalize, ndipo mu 1930 anapita ku Paris kukafuna ntchito yolemba. Luso lenileni analiphunzira mu 1934, nthawi ya umphawi waukulu ku America, pamene Harry Hopkins, mkulu wa bungwe la boma lothandiza osowa ntchito, anamulemba kuti aziyendayenda n'kumamulembera zomwe akuona. Sankathera nthawi m'maofesi. Ankalowa m'nyumba za ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku North Carolina ndi South Carolina, kufunsa malipiro, lendi, zomwe adya dzulo ndi matenda omwe ana akudwala. Ntchitoyo inamuthera ku Idaho atalimbikitsa anthu omwe ankaberedwa malipiro kuti aswe mawindo a ofesi ya bungwelo kuti akuluakulu amve. Zomwe anaona anazisandutsa nkhani zopeka zinayi m'buku la The Trouble I've Seen la mu 1936.

Mu 1937 anafika ku Madrid, nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain ili mkati, ndipo anayamba kulembera magazini ya Collier's. Pano pali mfundo ya ntchito imene owerenga ambiri saiganizira. Wolembera nyuzipepala yotuluka tsiku lililonse amathamangitsana ndi nthawi: ndani walanda mudzi uti, afa angati, mkulu wa asilikali wati chiyani. Mawu aliwonse pa telegalamu ankalipiridwa, choncho ziganizo zinkakhala zoduladula. Collier's inkatuluka kamodzi pa sabata, ndipo nkhani inkatha kudikira masabata angapo isanasindikizidwe. Wolembera magazini yotere akalemba za amene wapambana lero, nkhani yake imafika itasasa. Ayenera kupeza zinthu zomwe sizisasa: amayi ali pamzere wogula chakudya mabomba akugwa, ana m'chipatala, munthu akusesa magalasi osweka pakhomo pa sitolo yake. Zoterezi wounika nkhani sankazifufuta kawirikawiri, poti sizinaulule chinsinsi cha asilikali. Gellhorn anachita chimodzimodzi ku Czechoslovakia mu 1938, ku Finland pamene Soviet Union inaukira kumapeto kwa 1939, ndi ku China mu 1941.

Za ukwati wake ndi Ernest Hemingway, mlembi wotchuka wa mabuku wa ku America, anthu amakamba mopitirira muyeso, ndipo mwiniwake zinkamunyansa. Anakwatirana mu 1940, ukwati n'kutha mu 1945. Chokhudza ntchito n'chakuti mu 1944, asilikali a mayiko ogwirizana polimbana ndi Germany akukonzekera kuwolokera ku France, Hemingway anadzipereka kulembera Collier's yomweyo, ndipo malo a mtolankhani wamkulu wa magaziniyo anapita kwa iye. Mwamunayo anapita ku London pa ndege. Mkaziyo anawoloka nyanja ya Atlantic pa sitima yakatundu ya ku Norway yodzaza ndi zophulika, ulendo wa masabata oposa awiri.

Pa 6 Juni 1944, tsiku lomwe asilikali anatsikira ku Normandy, m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa France, Gellhorn analibe chilolezo chopita ku France. Anapita kudoko, n'kuuza mlonda kuti akufuna kucheza ndi anamwino a pa sitima yachipatala. Atalowa anadzitsekera m'chimbudzi mpaka sitimayo itanyamuka. Tsiku lotsatira inaima pafupi ndi gombe la Omaha, ku Normandy komweko.

Nkhani yomwe anatuluka nayo ndi phunziro la katoledwe ka nkhani, chifukwa inamangidwa pa zinthu zowerengeka. Sitimayo inali ndi mabedi 422, madokotala anayi, anamwino asanu ndi mmodzi ndi othandizira pafupifupi 14. Ovulala ankabwera nawo pa timabwato tomwe tinkatsitsidwa kuchokera pa sitimayo n'kukokedwanso m'mwamba, odwala ali pa machira. Ena anali atatha masiku awiri osadya. Zovala ndi nsapato zinkachita kudulidwa ndi sizasi. Pakati pawo panali akaidi achijeremani, ndipo poti iye ankalankhula Chifalansa ndi Chijeremani, ankamasulira, kupereka madzi ndi kuyatsira fodya amene manja awo sankagwira. Usiku anatsika ndi onyamula machira, kuyenda m'madzi mpaka kumtunda kukatenga ovulala ena. Hemingway, wachiphaso uja, anaonera gombelo ali m'bwato, sanatsike.

Atabwerera ku England, apolisi a asilikali anamugwira, n'kumulanda mapepala ake, n'kumutsekera ku kampu ya anamwino. Anathawa, n'kupeza ndege yopita ku Italy. Kuyambira pamenepo ankayenda ndi gulu lililonse lomwe lamulola, kupempha malo pa jipi, kugona pomwe wapeza. Njira imeneyi ili ndi zovuta zake, ndipo tisazibise. Wopanda chiphaso alibe njira yodalirika yotumizira nkhani. Akavulala palibe amene ali ndi udindo pa iye. Saonanso chithunzi chonse cha nkhondo, poti mapu ndi mapulani zili ku likulu komwe iye saloledwa. Amaona pafupi kwambiri koma malo ochepa, ndiye akapanda kusamala amatenga za chipatala chimodzi n'kuziyesa za dziko lonse.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu woona zenizeni zotere ankalembanso zopeka? Yankho lili ku Dachau, kampu yozunziramo anthu ya chipani cha Nazi cha Hitler ku Germany, yomwe asilikali a America anamasula pa 29 Epulo 1945. Gellhorn anafikako patapita masiku ochepa, ndipo uthenga woti Germany yagonja unamupeza ali komweko. Mu nkhani ya m'magazini analemba zomwe anaona ndi zomwe madokotala achikaidi anamuuza za kuyesa mankhwala ndi kuzizira pa anthu amoyo. Koma nkhani ya mtolankhani imathera pa zooneka ndi zonenedwa. Siloledwa kulowa m'mutu mwa munthu. Choncho mu 1948 anatulutsa buku lopeka la The Wine of Astonishment, lonena za msilikali wachiyuda wa ku America, dalaivala wa jipi, amene ataona Dachau anagunda dala Ajeremani wamba omwe anawapeza akuseka pamsewu. Funso loti kuona zoterozo kumamusandutsa chiyani munthu, nyuzipepala siingaliyankhe popanda kunama. Buku lopeka lingathe, poti wowerenga akudziwa kuyambira pachikuto kuti ndi zopeka.

Vuto limabwera mpanda wa pakati pa ntchito ziwirizi ukagumuka, ndipo kwa Gellhorn unagumukapo. Mu 1936 magazini ya The Spectator ya ku London inasindikiza nkhani yake yofotokoza gulu la azungu likupha munthu wakuda ku Mississippi, yolembedwa ngati anaona ndi maso. Inafalikira kwambiri mpaka omenyera ufulu wa anthu akuda anafuna kuti akachitire umboni pothandiza lamulo loletsa kupha kotereku. Apa ndi pomwe anavomera kwa Eleanor Roosevelt, mkazi wa pulezidenti wa America panthawiyo komanso mnzake wapamtima, kuti sanaone, anangolumikiza zomwe anamva. Kupha kotereku kunkachitikadi, koma umboni wopeka ukadziwika umapatsa mphamvu okana choonadi. Lamulo la ntchito ndi losavuta: zomwe waona unene kuti waona, zomwe wauzidwa unene amene wakuuza, zomwe waganiza uziike m'buku lina.

Chinanso chomwe amadzudzulidwa nacho ndi kukondera. Iye sankabisa kuti zoti mtolankhani asatenge mbali sankazikhulupirira. Ku Spain anali kumbali ya boma la Republic, lomwe linkalimbana ndi asilikali oukira, ndipo za anthu omwe ankaphedwa ndi apolisi achinsinsi a mbali yomweyo sanazilembe. Mu 1961 analemba za othawa kwawo a ku Palestine m'magazini ya The Atlantic mopanda chifundo chomwe ankaonetsa kwa ovutika ena. Kukhala pafupi ndi ozunzika kumanola diso, koma kumasankhitsanso ozunzika oti uwaone.

Ku Vietnam mu 1966 anapita molembera The Guardian ya ku Britain. Kumeneko kunalibe wounika nkhani wofufuta mawu. Boma la America linkawongolera nkhani kudzera m'misonkhano ya atolankhani ya madzulo aliwonse ku Saigon, likulu la South Vietnam panthawiyo, komwe ankapatsidwa ziwerengero za adani ophedwa. Gellhorn anapita ku chipatala cha anthu wamba ku Qui Nhon, ku nyumba za ana amasiye ndi ku makampu a othawa nkhondo, n'kumafunsa funso limodzi: bala ili labwera ndi chida chanji, chochokera mbali iti? Analemba kuti ambiri anavulazidwa ndi mabomba ndi napalm (mafuta oyaka omata pakhungu) za America ndi boma lomwe America inkathandiza. Boma la South Vietnam silinamupatsenso viza. Mpaka lero, njira yapafupi yotsekera pakamwa mtolankhani wakunja ndi yomweyo, kumukaniza pepala lolowera.

Kwa zaka zingapo anakhalako ku Kenya, komwe kunachokera nkhani zopeka za m'buku la The Weather in Africa la mu 1978. M'zaka za m'ma 1980 analemba za nkhondo za ku El Salvador ndi Nicaragua. Mu 1990, ali ndi zaka 81, anapita ku Panama kukafunsa anthu a m'makomboni omwe anaphwasulidwa pamene America inalowerera dzikolo. Ulendo wake womaliza wa ntchito unali wa ku Brazil, kukafufuza za kuphedwa kwa ana a m'misewu, maso atayamba kale kufa moti zolemba zake zomwe ankavutika kuziwerenga. Anamwalira ku London pa 15 Febuluwale 1998 ali ndi zaka 89, ndipo mu 1999 kunakhazikitsidwa mphotho ya utolankhani yotchedwa dzina lake.