Kunyamulira ena mimba kudzera kwa ejenti: mufunse izi musanabayidwe jakisoni woyamba

Ine ndine mzamba kuno ku Chipata, ndipo funso la surrogacy likamabwera limabwera motsitsa mawu, mayi wamaliza sikelo akumanga chitenje kenako akuti a sista, zija zoti munthu amanyamulira anzake mimba nkupatsidwa madola nzoona kodi? Nzoona, zimachitika m'maiko angapo. Ndikuuzirenitu pomwe ndaima. Sinditsutsa mayi amene wasankha kuthandiza banja losowa mwana, ndawaona amayi akulira chifukwa chokhala zaka m'banja opanda mwana apongozi akuwanena tsiku ndi tsiku, ndiye ndikudziwa kuti thandizo limeneli ndi lalikulu. Koma ejenti amene wakulemberani pa WhatsApp uja amalipidwa ndi ofuna mwanawo, kasitomala wake ndi iwowo, ndiye za thupi lanu ndi chitetezo chanu mudzazifunsa nokha, palibe adzakufunsireni.

Poyamba timvetsetsane chomwe chimachitika, chifukwa ambiri amaganiza kuti pamafunika kugona ndi mwamuna wa mwini. Ayi. Madokotala amatenga dzira la mayi wofuna mwanayo, kapena la mayi wina wopereka, nkulikumanitsa ndi umuna mu labu, njira ija amati IVF. Mluza, lomwe ndi dzira lakumana ndi umuna lija, ukakula masiku 3 kapena 5 amauika m'chiberekero chanu. Dzira lanu silikhudzidwa, ndiye mwanayo satenga nkhope yanu kapena mtundu wanu, inu mwamusunga ndi kumudyetsa kudzera mu nsengwa miyezi 9. Ilipo njira ina yakale yomwe dzira limakhala la wonyamulayo, pamenepo mwana ndi wanu weniweni wa magazi, ndipo ejenti akakamba za imeneyo ine ndingati kanani. Mwana woyamba wa IVF, Louise Brown, anabadwa ku England mu 1978, ndipo pofika 1987 ku Johannesburg mayi wa zaka 48, Pat Anthony, anaberekera mwana wake wamkazi ana atatu nthawi imodzi, kutanthauza kuti anabereka zidzukulu zake zomwe. Ndiye si zachilendo pa dziko, kungoti kuno kwathu IVF imapezeka m'zipatala zolipira zochepa ku Lusaka, ulendo wa makilomita opitilira 550 pa Great East Road, kapena kunja kwa dziko.

Ejenti wolongosoka sangakulandireni chifukwa choti mwatumiza chithunzi ndi reji basi. Malangizo omwe madokotala a ku America amatsata amati mayi akhale wa zaka 21 mpaka 45, akhale anaberekapo mwana wake popanda vuto lalikulu, asakhale anabereka kupitilira ka 5, ndipo opaleshoni ya pobereka isapitilire ka 3. Amakupimani HIV, hepatitis, chindoko, gulu la magazi, kuchuluka kwa magazi, shuga, BP, ndi sikani yoona mkati mwa chiberekero, amuna anunso amapimidwa, kenako mumakhala pansi ndi mlangizi wa za maganizo. Apa ndikupemphani chinthu chimodzi, osabisa. Ngati mimba yapita munatupa mapazi ndi nkhope BP nkukwera, ngati munataya magazi mpaka kuikidwa ena, nenani olo zikulepheretseni, chifukwa zimenezi zimakonda kubwereranso. Ndipo mtsikana amene sanaberekepo olo mmodzi asayese, thupi lake silinadziwike mmene limachitira ndi mimba.

Za mankhwala ma ejenti amazikamba mothamanga koma ndi pomwe pali ntchito. Mumayamba ndi mapilisi a estrogen pafupifupi masabata 2 kuti khoma la mkati mwa chiberekero likhuthale, dokotala akumaliyeza pa sikani yolowetsa kumusi mpaka lifike mamilimita 7 kapena 8. Kenako progesterone, homoni yosunga mimba, ena amapereka yoika kumusi ena ya jakisoni, ndipo jakisoni wake ndi wamafuta, wolemera, wa pathako tsiku lililonse, amasiya timibulu tolimba toti kukhala pa mpando wa minibasi mumachita kupendekeka. Mimba ikagwira simusiya, mupitiliza mpaka masabata 10 kapena 12, chifukwa panthawiyi thupi lanu silikupanga lokha mahomoni osunga mimbayo, mukadumphitsa ikhoza kupita padera. Kuika mluza kwenikweniko ndi kwa mphindi zochepa, kachubu kopyapyala kudzera pakhomo la chiberekero, chikhodzodzo chili chodzaza kuti sikani ione bwino, sakugonekani ndi mankhwala. Pakapita masiku 10 mpaka 14 amapima magazi. Nthawi zina ulendo woyamba sugwira, mumayambiranso mapilisi ndi majakisoni aja, ndiye funsani kuti ikakanika kapena ikapita padera pa miyezi 3 mudzapatsidwa chani, zilembedwe. Komanso pa masabata amenewa inu ndi bambo akunyumba mumauzidwa kuti musakhalire pamodzi, kuopa kuti mimba yomwe igwire ingakhale yanuyanu, ndiye bambo ngati sanamvetse bwinobwino kuyambira pachiyambi nkhondo iyambira pamenepa.

Akakuuzani kuti tiike miluza iwiri kuti mwayi ukule, dziwani kuti mwayi ukukulawo ndi wawo. Mapasa amabadwa masiku asanakwane kawirikawiri, BP imakwera, opaleshoni imakhala pafupi, ndipo zonsezi zigwera inu. Uzani dokotala kuti umodzi basi, ndipo zikhale mu kontrakiti.

Olo mwana akhale mmodzi, mimba yonyamulira ena ili ndi chiopsezo choposa mimba wamba. Kafukufuku wa ku Ontario m'dziko la Canada yemwe anatuluka mu 2024 anapeza kuti mwa amayi 100 otenga mimba mwachibadwa pafupifupi 2 anadwala moopsa, mwa a IVF ya iwo eni pafupifupi 4, koma mwa onyamulira ena pafupifupi 8. Mavuto akulu anali kutaya magazi kwambiri atabereka, BP yoopsa ya mimba, ndi matenda olowa m'thupi pambuyo pobereka. Madokotala amaganiza kuti mbali ina ndi chifukwa choti nsengwa yonse ndi yachilendo ku thupi la mayiyo. Manje uku ndi ku Canada komwe ambulansi ifika msanga ndipo magazi oika ali pafupi, taganizirani mayi amene akukhala kumudzi kupitilira Chadiza kapena Vubwi nthawi ya dzinja msewu utaonongeka. BP ya mimba ine ndimaiopa chifukwa imabwera mwakachetechete, mayi akuyenda bwinobwino, kenako mutu ukuwawa kosaleka, maso akuona nyenyezi, mphete yakana kuvuka pachala, kuwawa pansi pa nthiti za kumanja, pakapita maola wayamba kukomoka ndi kugwedezeka. Ndiye funso loti ndidzachilira chipatala chiti, ndipo ndidzakhala pafupi nacho kuyambira mwezi uti, ndi lalikulu kuposa funso la madola.

Ntchito ya ejenti ndi kukukumanitsani ndi banja lofuna mwana, kukonza zopima, maulendo, maloya ndi malipiro. Kumaiko komwe zili ndi malamulo, monga California ku America, ndalama zonse zimaikidwa kaye mu akaunti yosungidwa ndi munthu wapadera mimba isanayambe, mayi amalandira mwezi ndi mwezi, ndipo amakhala ndi loya wakewake wolipiridwa ndi banja lija koma woimira iye. Kopanda zimenezi zimakhala ngati ulimi wa thonje wa pangongole, mbewu ndi yawo, sikelo ndi yawo, mtengo anena ndi iwo, iwe chako ndi munda ndi thukuta. Ejenti akakuuzani kuti mutumize kaye ya rejisitireshoni pa foni, ameneyo ndi wakuba, wonyamula mimba salipira kalikonse. Akati pasipoti tikusungirani, akati mulowe ndi viza ya alendo ndipo pa boda mukanene kuti mukukaona achibale, akakupatsani mapepala a chilankhulo chomwe simumva nkumati sainani lero lomwe, akati ndalama zambiri mudzalandira mwana akatuluka wamoyo ndi wabwinobwino, akati mudzakhala m'nyumba yathu osatuluka komanso foni tisunga, apo mwayamba kulowa mu zomwe lamulo lathu la Anti-Human Trafficking Act la 2008 limatcha kugulitsa anthu. Ngongole ya kaloba ikakupanani zonsezi zimaoneka zazing'ono, ndikudziwa, ndipo ma ejenti achinyengo amasaka mayi wopanikizika dala.

Malamulo a dziko lomwe akukutengeraniko muwadziwe. Ambiri amakamba za ku Joni, koma ku South Africa lamulo la Children's Act la 2005 limati mgwirizano uvomerezedwe ndi High Court mluza usanaikidwe, wonyamulayo akhale wokhazikika m'dzikomo ndipo akhale ndi mwana wake wamoyo, ndipo kulipidwa nkoletsedwa kupatula kubwezeredwa zomwe waononga ndi malipiro a ntchito omwe wataya. Ndiye munthu akakulonjezani ma rand ambirimbiri ku Johannesburg akukuitanirani mlandu. India inali msika waukulu wa zimenezi koma inatsekera alendo mu 2015 ndipo lamulo la 2021 linaletseratu za malonda. Thailand inatseka mu 2015 pambuyo pa nkhani ya 2014 ya mwana Gammy, mayi wa ku Thailand anaberekera banja la ku Australia mapasa, wamkazi anapita ku Australia, wamwamuna, Gammy uja, yemwe anabadwa ndi chilema chotchedwa Down syndrome, anatsala m'manja mwa mayi uja. Ku Cambodia mu 2018 apolisi anagwira amayi oposa 30 ali ndi mimba zonyamulira ena, anawatsegulira mlandu wogulitsa anthu, ndipo anawamasula pa mfundo yoti anawo alere okha. Onani kuti zinthu zikavuta amene amapezeka pamalopo ndi mayi wa mimba, popeza mimba siibisika ndipo sungathawe nayo.

Kuno ku Zambia kulibe lamulo lolembedwa makamaka pa za kuberekera ena, ndiye kontrakiti yanu ilibe nsanamira yeniyeni yoimapo. Ife ku chipatala timalemba amene wabereka kuti ndiye mayi, dzina lanu ndi lomwe lipita pa mapepala a kubadwa kwa mwana, ndipo kuti mwana apite mwalamulo kwa anthu ena nkhani imadzera kwa a Social Welfare ndi ku khoti motsata Children's Code Act ya 2022. Wina akakuuzani kuti mukagonekedwe pa dzina la mayi winayo kuti mapepala asavute, kanani, limenelo ndi bodza pa zikalata za boma, komanso ndi ngozi chifukwa fayilo ikhala ndi gulu la magazi ndi mbiri ya munthu wina pamene wotaya magazi ndinu. Kutanthauzanso kuti banja lija likasintha maganizo, likasudzulana, kapena mwana akabadwa ndi chilema iwo nkuzimitsa foni, pamaso pa boma mwanayo ndi wanu. Mu kontrakiti muonenso ndime ya kuchotsa mimba, ena amalemba kuti sikani ikaonetsa vuto eni mwana ndi amene agamule. Kuno nkhani imeneyi imayendera Termination of Pregnancy Act ya 1972 yomwe imafuna madokotala 3 avomereze, ndipo palibe dokotala angakugwireni inu musanalole, ndiye ngati chikhulupiriro chanu sichilola nenani poyamba pomwe. Mapepalawo pitani nawo kwa loya amene sanasankhidwe ndi ejenti, ngati ndalama palibe yambirani ku Legal Aid Board.

Ndiye pali kumudzi. Kwa ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi, amalume monga eni mbumba adzafunsa kuti mwana wa mlongo wathu ali kuti, ndipo kwa Angoni komwe malowolo anaperekedwa akuchimuna adzati mimba iliyonse ya m'nyumba muno ndi yathu. Anthu akuonani miyezi yonse muli ndi pakati, mwapita ku Lusaka mwabwera manja ali zii, mukudziwa nokha zomwe zidzakambidwe pa chigayo ndi ku tchalitchi, ena adzati wagulitsa mwana ena adzati ndi za satanic. Kubisa sikuthandiza. Khalani pansi ndi amuna anu, amayi anu ndi amalume nkhani isanayambe, ndipo ana anu auzeni mwa msinkhu wawo kuti mwana ali m'mimbayu ndi wa banja lina tikungowasungira, chifukwa kamwana ka zaka 5 kakaona khanda lapita kamayamba kuopa kuti nakonso kadzaperekedwa.

Mwana akapita thupi lanu silidziwa za kontrakiti. Pa tsiku la 3 mkaka umabwera, mabere amalimba ndi kutentha, bulauzi kunyowa popanda woyamwa. Alipo mankhwala oumitsa mkaka monga cabergoline, amagwira bwino akaperekedwa mwamsanga mukangobereka, ndiye mukambirane ndi dokotala tsiku lisanafike, ndipo osamafinya chifukwa mukafinya umabweranso wambiri. Magazi a uchembere amatuluka mpaka masabata 6, BP ikhoza kukwera olo mutatuluka kale m'chipatala, ndipo mahomoni akamatsika amayi ena amangolira osadziwa chifukwa, olo amene anali otsimikiza mtima kuti mwanayo si wawo. Mubwere ku sikelo ya pambuyo pobereka ngati mayi wina aliyense, musachite manyazi kuti mulibe mwana kumsana, ife tikufuna kuona inu, chilonda, BP ndi magazi.

Makontrakiti ambiri amathera pa tsiku lobereka, pamene mavuto ena amayamba tsiku lomwelo. Onetsetsani kuti mwalembedwa amene adzalipira chipatala kwa miyezi ingapo mutabereka, chipukuta misozi ngati chiberekero chachotsedwa pofuna kuletsa magazi, ndi inshuwalansi ya moyo yokhala ndi maina a ana anu, yolipiridwa kale mluza usanaikidwe. Ndipo ngati munachira ndi opaleshoni, ejenti akabweranso kuti banja lina likufuna, chilonda cha m'chiberekero chimafuna pafupifupi zaka 2 musanatenge mimba ina.