Kamasiki ka pepala sikaletsa nthunzi ya vanishi

Ndatopa nawo mawu akuti "koma adokotala, masiki ndimavala." Ndikafunsa kuti masiki ake ati, munthu amatulutsa kanthu koyera ka pepala kolembedwa N95 kapena FFP2, kamene anavala tsiku lonse akupaka vanishi bwato lomwe akudzikhomera yekha kunyumba. Kameneko ndi ka fumbi basi. Nthunzi ya white spirit, xylene kapena toluene yotuluka mu vanishi ndi mu thina imangodutsa papepalalo n'kukafika m'mapapo. Choipanso n'chakuti munthu akakavala mtima umakhala m'malo, ndiye amatseka zitseko kuopa fumbi pa vanishi waiwisi, n'kukhalitsa m'menemo.

Chimene chimagwira nthunziyi ndi makala apadera a m'zosefera zomanga pa masiki a labala. Ku Ulaya zosefera zake zimalembedwa A1 kapena A2 ndipo zili ndi mzere wa bulawuni. Ku America mzerewo ndi wakuda. Dziwani kuti zosefera za A ndi za mankhwala owira pamwamba pa madigiri 65 Celsius, pomwe acetone, amene ambiri mumatsukira epoxy (guluu wolimba womatira bwato), amawira pa 56 ndipo amafuna zosefera za AX. Pokwecha matabwa pamafunika zosefera za fumbi zolembedwa P3 kapena P100. Fumbi la matabwa lokha bungwe la padziko lonse lofufuza za khansa la IARC linaliika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1995, ndipo western red cedar, mtengo wokondedwa ndi okhoma timabwato, ndi wodziwika poyambitsa mphumu. Fumbi la epoxy yemwe sanaumitsitse ndiye loipa kwambiri.

Za ndevu sindichulutsa gaga m'diwa. Masiki sagwira pa ndevu, metani. Makala nawonso amapitiriza kuyamwa nthunzi ngakhale mwavula, choncho musamakoleke masikiwo pamsomali pafupi ndi zitini. Asungeni m'chotengera chotseka bwino. Kumbukiraninso kuti nthunziyi ndi yolemera kuposa mpweya, imatsikira m'mimba mwa bwato momwe mwagwada ndi burashi yanu.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ndi penti ndi vanishi wosakaniza zitini ziwiri, two-pack polyurethane, amene anthu amamukonda chifukwa amawala ndipo amalimba padzuwa ndi m'madzi. Chitini chaching'onocho muli isocyanate, imodzi mwa mankhwala otsogola poyambitsa mphumu ya kuntchito. Mphuno siyikuchenjezani: pomwe muzimva fungo lake, mwapuma kale wopitirira muyezo, ndiye simungadziwe kuti zosefera zatha. N'chifukwa chake bungwe la HSE, loona za chitetezo ndi umoyo pantchito ku Britain, limanena kuti wopopera penti wotereyu azivala masiki olandira mpweya wabwino kudzera m'paipi, ndipo m'mayiko a European Union, kuyambira pa 24 Ogasiti 2023, ogwira ntchito ndi mankhwalawa ayenera kuphunzitsidwa kaye. Nanga inu opanda zida zimenezo mukupoperanji m'galaja? Pakani ndi burashi kapena rola, zitseko zili pululu, mutavala zosefera zatsopano ndi magolovesi.

Pali bambo wina amene nkhani yake simandichoka. Anapuma pantchito, n'kuyamba kukhoma kabwato kake pang'onopang'ono, mwaluso ndithu. Pomaliza anabwereka makina opopera penti wa zitini ziwiri uja kuti kawale bwino. Popopera sankamva chilichonse. Vuto linkabwera usiku: chifuwa chouma, kubanika, m'chifuwa mukulira ngati kamluzu, kunja kukamacha zonse zatha. Iye ankati ndi chimfine, popeza pa ntchitoyo anali bwinobwino. Apa ndiye pomwe anthu ambiri amasocherera, chifukwa mphumu ya isocyanate imatha kudikira maola angapo isanaonekere. Anagula mankhwala a chifuwa, wina anamugulitsa zakumwa zoti "zimatsuka mapapo", mnzake anamubwereka kapampu kopumira. Kapampuko kanamuthandiza, ndipo n'komwe kanamupweteketsa, pakuti kanam'patsa mphamvu zobwerera kukapoperanso.

Atafika kwa ine patapita miyezi, thupi lake linali litadana nawo kale mankhwalawo. Zikafika pamenepo sizibwerera. Kanthunzi kochepa kwambiri, komwe ena sangakamve n'komwe, kamamutseka m'chifuwa, ndipo masiki sangamubwezere ku penti ameneyo. Ankakhala phee pampando, manja atagwira m'mawondo, akupuma pakati pa mawu pofotokoza za bwato lake. Akanabwera sabata yoyamba ija n'kusiyiratu kupopera, mwayi woti mapapo ake achire unali waukulu ndithu.

Ndiye ndikupempheni, abale anga. Palibe chakumwa, mapiritsi kapena zitsamba zotsuka mapapo, ndipo wokugulitsani zimenezo akungokuchedwetsani. Musanenenso kuti "fungoli ndinalizolowera". Yatopa ndi mphuno, mapapo sazolowera. Mutu, chizungulire ndi mseru pogwira ntchito zikutanthauza kuti tulukani panja pompo. Mukamatsokomola kapena kubanika usiku wa tsiku lomwe mwapaka, n'kumapeza bwino masiku omwe simunayandikire bwatolo, siyani ntchitoyo ndipo pitani kuchipatala sabata yomweyo. Jambulani zolembedwa pa zitini zonse ziwiri mukaonetse dokotala, mumuuze kuti munapopera kapena munapaka, ndipo mupemphe kuti akuyezeni mphamvu ya mapapo. Mukabanika mpaka kulephera kumaliza mawu, musadikire kuti kuche.