M'chipewa changa mulibe chizimba

Abale, ine wochita masewero a matsenga pa siteji ndatopa nalo funso loti "akulu, munakhwimira kuti?" Shoo ikangotha wina amanditsata kuseri kwa siteji, kutsitsa mawu, akufuna ndimulozere sing'anga. Kulibe sing'anga. Ndalama yachitsulo imene mwaona ikusowa ija inali m'chikhatho mwanga nthawi yonseyo, inu maso ali ku dzanja linalo chifukwa inenso ndinkayang'ana komweko. Koma kuti dzanja lobisa lija lisaoneke louma pamafunika miyezi uli pagalasi, ndalama ikugwa, ukutola, zala zikupweteka, ndiye munthu akati ndi ufiti amakhala wafufuta thukuta lonselo.

Zondinyoza ine ndilibe nazo ntchito kwenikweni. Chimandipweteka ndi choti maganizo amenewa ndi amene akudyetsa akathyali. Njira zomwe ine ndimagwiritsa ntchito poyera, anthu atalipira tikiti akudziwa kuti ndi masewero, wina amazitengera kuchipinda n'kumati akuchulukitsa ndalama kapena akuyankhula ndi malemu anu. Envelopu imasinthidwa pamene wakuuzani kuti tsinzinani, basi. Harry Houdini, katswiri wa masewero amenewa wa ku America, m'ma 1920 ankalowa m'misonkhano ya oyankhula ndi mizimu atadzibisa nkhope n'kuwayalutsa. James Randi, nayenso wa masewero omwewa, anaika madola 1 miliyoni kwa aliyense amene angaonetse mphamvu zenizeni pomuyesa bwinobwino, mpaka 2015 palibe anatenga.

Pali mnyamata wina amene sandichoka m'mutu. Anaona sewero lomeza malezala lija, ndipo m'malo mobwera kudzaphunzira anapita kwa munthu amene anamugulitsa "mankhwala oteteza m'mimba", n'kumeza zenizeni. Ife sitimeza chilichonse chakuthwa, ndikubwereza, sitimeza. Ndiye anakhala kunyumba masiku akulavula magazi, osauza makolo chifukwa wamankhwala uja anamuopseza kuti akaulula apenga. Pofika kuchipatala kunali kuthamangira naye ku opaleshoni. Anapulumuka, koma mpaka lero ndikamuganiza mtima umandiwawa, anali ndi manja abwino mwana uja, akanafika patali.

Kuchedwa kumeneku kunatengera ngakhale Houdini kumanda. Mu Okutobala 1926 wophunzira wina anamumenya zibakera pamimba ku Montreal, ululu unapitirira, dokotala anamuuza kuti ndi apendikisi apite kuchipatala msanga, iye anasankha kukwera siteji ku Detroit thupi likutentha. Anamwalira pa 31 Okutobala ali ndi zaka 52. Chung Ling Soo naye anafa mu 1918 ku London mfuti ya sewero logwira chipolopolo italakwika, katswiri wa zaka zambiri pantchito.

Ndiye ngati mwana wanu akufuna ntchitoyi, mugulireni makadi ndi galasi, malezala ndi moto asazikhudze popanda mphunzitsi amene angamuonetse pamene pali chinyengo. Akameza kanthu, kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti chituluka chokha.