Chotupa cha mumtima si khansa nthawi zonse

Anthu ambiri akangomva kuti wina wapezeka ndi chotupa mumtima, maganizo amathamangira ku khansa. Chonsecho, pa zotupa zimene zimamera mumtima mwenimwenimo, pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse si khansa. Sizifalikira m'thupi.

Chofala kwambiri mwa akuluakulu ndi myxoma, ndipo chimapezeka mwa amayi kuposa abambo. N'chofewa, ndipo kawirikawiri chimalendewera pa kamchira m'chipinda chapamwamba chakumanzere kwa mtima. Mtima ukamagunda chimagwedezeka, n'kumatchinga khomo limene magazi amatsikira kuchipinda chapansi. Wodwala amabanika, amatopa msanga, ena amakomoka pongodzuka pampando kapena potembenuka pabedi.

Komatu kusakhala khansa sikutanthauza kuti munthu angochisiya. Tizidutswa take tikanyotsoka, magazi amatikokolola mpaka ku ubongo, munthu n'kuchita sitiroko ngakhale ali wachinyamata wopanda BP. Izi n'zimene zimandidetsa nkhawa kuposa dzina la matendawo.

Kuchipeza sikufuna mpeni. Dokotala amapaka mafuta pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo ka echo, kofanana ndi kamene amaunikira amayi oyembekezera, chotupacho n'kuoneka pa sikirini chikuvinavina. Mapiritsi kapena zitsamba sizichisungunula; chimafunika opaleshoni. Dokotala wina wa ku Sweden, Clarence Crafoord, anachotsa bwinobwino myxoma mu 1954, ndipo lero ambiri akachitidwa opaleshoniyi amachira, chotupa osabwereranso.

Kwa makanda nkhani ndi yosiyana. Chotupa chawo chofala, rhabdomyoma, nthawi zambiri chimaphwa chokha mwana akamakula, choncho madokotala amangochiyang'anira ngati sichikusokoneza mtima.