Timizere timene tinaika Zambia kumapeto kwa mzere ku Beijing

Pa 8 Ogasiti 2008, potsegulira masewera a Olympics ku Beijing, Malawi inalowa m'bwalo pakati pa mayiko oyambirira, pamene Zambia inalowa kumapeto kwenikweni, kutsogolo kwa eni mudzi okha. Ambiri anaganiza kuti ndi alifabeti, poti Z amakhala kothera. Sizinali choncho ayi. Okonza mwambowo anawerenga timizere timene munthu amajambula polemba chilembo choyamba cha dzina la dziko m'Chitchaina. La Malawi limayamba ndi 马, chilembo chotanthauza hatchi, cha timizere 3, la Zambia limayamba ndi 赞, cha timizere 16. Australia nayo inakankhidwira kumbuyo chifukwa cha timizere 15.

Mwambowu unachokera kutali. Chitchaina chilibe alifabeti, ndiye olemba madikishonale ankavutika posankha chilembo choti chitsogole. Cha m'ma 100 AD, wolemba dikishonale wina dzina lake Xu Shen anagawa zilembo 9,353 m'magulu 540, potengera kachigawo kamene zilembo za gulu limodzi zimafanana nako. Magulu amenewa anachuluka moti munthu ankasochera. Mu 1615 wolemba dikishonale winanso, Mei Yingzuo, anawachepetsa kufika pa 214, ndipo m'gulu lililonse anayamba ndi zilembo za timizere tochepa n'kumakwera. Dikishonale ya mfumu Kangxi ya mu 1716, ya zilembo zoposa 47,000, inatsatira njira yomweyo ndipo inakhazikika. Mwana wasukulu akakumana ndi chilembo chachilendo, amachijambula ndi chala pachikhatho uku akuwerenga motsitsa mawu, kenako n'kutsegula buku.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti kuwerenga timizere kunasanduka njira yopewera mkangano wa ulemu. Mpaka lero mayina a mamembala a komiti yaikulu ya chipani cholamula ku China amasindikizidwa motsatira timizere ta dzina la makolo, kuti pasakhale wodandaula kuti amuchepetsa.

Makompyuta atabwera, mbali iliyonse inatengera kwawo. Ndondomeko ya GB 2312 ya ku China yopatsira zilembo nambala za m'kompyuta, ya mu 1980, inasanja zilembo 3,755 zofala motsatira katchulidwe ka pinyin (kalembedwe ka mawu a Chitchaina m'zilembo za ABC), zotsala 3,008 motsatira magulu aja. Ku Taiwan, Big5 ya mu 1984 inatsogoza chiwerengero cha timizere. Unicode, ndondomeko ya dziko lonse yopatsa chilembo chilichonse nambala yake, itasonkhanitsa zilembo 20,902 za China, Japan ndi Korea mu 1992, inabwerera kwa Kangxi: gulu choyamba, timizere pambuyo. Choncho pulogalamu imene imangotsatira nambala za Unicode imatulutsa mndandanda umene mlembi wa ku Taipei, likulu la Taiwan, kapena ku Beijing sangauvomereze, ngakhale kompyutayo sinalakwitse kuwerenga.

Vuto lenileni lili pa funso loti timizereto tikuwerenga ta ndani. China inafewetsa zilembo zambiri kuyambira mu 1956, pamene Taiwan ndi Hong Kong anasunga zakale. Chilembo cha hatchi chija chili ndi timizere 3 ku Beijing, koma ku Taipei chimalembedwa 馬, timizere 10. Ngakhale kachigawo kotanthauza udzu, kamene kamakhala pamwamba pa zilembo zambirimbiri, ku China amati n'timizere 3, ku Taiwan 4. Zilembo ziwiri zikafanana chiwerengero, ku China amayang'ana mtundu wa kamzere koyamba: kopingasa kamatsogola, kenako koimirira, kopendekera kumanzere, kadontho, pomaliza kopindika.

N'chifukwa chake nkhokwe ya CLDR, imene mafoni ndi mapulogalamu ambiri amatengako malamulo a zinenero, siinasankhe njira imodzi. Ili ndi kasanjidwe ka pinyin, ka timizere, ka zhuyin (zizindikiro za katchulidwe zimene amagwiritsa ntchito ku Taiwan) ndi ka magulu a Kangxi. Foni yoikidwa pa Chitchaina cha ku China imayambira pa pinyin, ya zilembo zakale imayambira pa timizere. Wolemba pulogalamu akapanda kufunsa kuti mndandandawo ukupita kwa ndani, dzina la munthu limakapezeka pamalo amene mwiniwake sangaganize zolifunafunapo.