Chifukwa chake khomo la amonke limachedwa kutsekulidwa

Mnyamata amene wamva mumtima mwake kuti Mulungu akumuitana ku moyo wa umonke, mwinanso ku unsembe, amadzidzimuka akauzidwa kutalika kwa njira yomwe ili patsogolo pake. Malamulo a Mpingo wa Katolika omwe adakhazikitsidwa mu 1983 amati novisiyeti, nthawi yoyesedwa munthu asanalumbire, isachepere miyezi 12 ndipo isapitirire zaka ziwiri, kenako pabwere malumbiro a kanthawi a zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi munthu asanachite malumbiro a moyo wonse. Wofuna unsembe amawonjezerapo zaka zisanu ndi chimodzi za maphunziro a filosofi ndi a zaumulungu, ndipo sadzozedwa asanakwanitse zaka 25. Ambiri amaganiza kuti kuchedwaku ndi kwa maofesi a ku Rome, chonsecho mwambowu udabadwira m'chipululu, maofesiwo kusanakhale.

Antony wa ku Egypt, yemwe adamwalira mu 356 ndipo amatchedwa kholo la amonke, sadayesedwe ndi bungwe lililonse. Adamva m'tchalitchi mawu a Yesu ouza wachuma uja kuti akagulitse zake zonse, ndipo adagawa minda yake n'kuyamba kukhala kwa yekha. Koma pamene Pachomius adayamba kusonkhanitsa amonke kuti azikhala pamodzi m'mbali mwa mtsinje wa Nile, funso lidasintha, pakuti munthu wokhala yekha akalakwitsa amadzipweteka yekha, pomwe wolowa pakati pa abale amatha kusokoneza nyumba yonse. Choncho wobwera ankayamba wakhala pachipata masiku angapo, akuphunzitsidwa pemphero la Atate Athu ndi masalimo, uku akufufuzidwa ngati sadathawe mlandu kapena mbuye wake.

Benedict wa ku Nursia, yemwe adamanga nyumba ya amonke pa Monte Cassino ku Italy cha m'ma 529, ndiye adaika mwambowu m'ndondomeko yomwe ikadalipo mpaka lero. Mutu 58 wa Lamulo lake, buku la malangizo a moyo wa amonke, umayamba ndi kuletsa kulandira munthu msanga. Wobwerayo azigogoda masiku anayi kapena asanu, akupirira kusalabadiridwa, kenako alowe kunyumba ya alendo, ndipo pambuyo pake apatsidwe mmonke wachikulire wodziwa kusamala mitima ya anthu. Chomwe mkuluyu amayang'ana ndi chakuti kodi munthuyo akufunadi Mulungu, ndipo chimaonekera pa changu chake pa mapemphero a pamodzi, pa kumvera, ndi pa mmene amalandirira zonyozeka. Pakatha miyezi iwiri amamuwerengera Lamulo lonse n'kumuuza kuti ngati angathe kulisunga alowe, ngati sangathe apite mwaufulu. Amamuwerengeranso pakatha miyezi ina isanu ndi umodzi, ndiponso pakatha ina inayi. Tsiku lolumbira iye amalemba yekha chikalata cha lonjezo lake, kapena kuikapo chizindikiro ngati sadziwa kulemba, n'kuchiika paguwa ndi dzanja lake. Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamaonetsa kuti Benedict ankawadziwa bwino anthu: zovala zomwe munthuyo adabwera nazo sizitayidwa, zimasungidwa m'chipinda cha zovala kuti akadzachoka adzavale zake, koma chikalata chija chimatsala m'nyumbamo.

M'mutu wonsewu mulibe mawu okhudza unsembe, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, chifukwa masiku ano amaona mmonke ali paguwa n'kuganiza kuti umonke ndi njira yopitira ku unsembe. Amonke oyamba ankauona unsembe ngati msampha wa kunyada. Pachomius adabisala pamene episkopi Athanasius adayendera nyumba zake, poopa kudzozedwa, ndipo za mmonke wina dzina lake Ammonius kudalembedwa kuti adadzidula khutu kuti asamuike pa uepiskopi. John Cassian, yemwe adabweretsa nzeru za m'chipululu ku Gaul, komwe lero ndi France, adasunga mawu a akuluakulu akuti mmonke azithawa akazi ndi aepiskopi. Benedict sadafike pamenepo, koma naye adachenjera: wansembe wopempha kulowa asalandiridwe mwachangu, ndipo nyumba ikasowa wansembe, mkulu wa nyumbayo ndiye asankhe woyenera pakati pa abale. Wosankhidwayo amakhalabe pamalo pomwe tsiku lake lolowera lidamuika, kupatula pa ntchito ya paguwa. Umonke munthu ankaupempha, koma unsembe ankachita kumutumako.

Zinthu zidatembenuka m'zaka za pakati pa 800 ndi 1200, pamene anthu adayamba kupereka minda ndi chuma ku nyumba za amonke kuti azichitira Misa abale awo omwalira. Ku Cluny, nyumba ya amonke ya ku France yomwe idakhazikitsidwa mu 910, kupempherera akufa kudakula kwambiri, ndipo Misa zambiri zidafuna ansembe ambiri. Pang'onopang'ono m'nyumba zambiri mudakhala magulu awiri, amonke ophunzira oimba mapemphero m'Chilatini omwe ambiri ankadzozedwa, ndi abale osadzozedwa ogwira ntchito zakumunda, omwe analibe mawu pa zisankho za nyumba. Mpanda umenewu udakhala zaka mazana ambiri kufikira mu 1965, pomwe Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udalola kuti odzozedwa ndi osadzozedwa azikhala ndi ufulu ndi udindo wofanana, kupatula zomwe zimadza ndi kudzozedwako.

Ufulu wa wolowayo nawo sudasungidwe nthawi zonse. Lamulo lomwelo la Benedict limalola makolo kupereka mwana wawo wamng'ono kwa Mulungu, ndipo Bede, wolemba mbiri wa ku England, adaperekedwa kwa amonke ali ndi zaka 7. Iye zidamuyendera bwino, koma enanso ambiri adakulira m'malumbiro omwe sadawasankhe. Msonkhano wa aepiskopi wa ku Trent mu 1563 udalamula kuti munthu asalumbire asanafike zaka 16 komanso asanamalize chaka chathunthu choyesedwa, ndipo chaka chomwecho udauza madayosizi kuti atsegule maseminale. Zaka zitatu za malumbiro oyamba zidadzawonjezedwa kwa amuna ndi Papa Pius IX mu 1857.

Kuyesa kwa mkati mwa mtima kudapeza mphunzitsi wake mwa Ignatius wa ku Loyola. Atavulazidwa mwendo pankhondo ya ku Pamplona mu 1521, ali chigonere adazindikira kuti maganizo a ulemerero wa dziko ankamusangalatsa kanthawi n'kumusiya wouma, pomwe maganizo otsanzira oyera ankamusiya ndi mtendere ngakhale atatha. Njira yake yosiyanitsira mizimu, ndiko kuzindikira maganizo ochokera kwa Mulungu ndi osachokera kwa iye, idathandiza anthu osawerengeka, koma m'kupita kwa nthawi aphunzitsi ena, makamaka ku France, adaika kulemera konse pa kukopeka kwa mumtima, mpaka mnyamata wosamva kukopekako ankaonedwa ngati wosaitanidwa, ndipo womva ankadziona ngati woyenera kudzozedwa basi.

Mkangano udabuka mu 1909, pamene Joseph Lahitton, wansembe wophunzitsa m'seminale ku France, adalemba kuti maitanidwe a unsembe amakhazikika pa kuitana kwa episkopi, osati pa zomwe munthu akumva. Ambiri adamutsutsa mwaukali, nkhaniyo idafika ku Rome, ndipo mu 1912 gulu la makadinala, movomerezedwa ndi Papa Pius X, lidagwirizana naye pa mfundo zitatu: palibe amene ali ndi ufulu wodzozedwa episkopi asanamusankhe, kukopeka kwapadera kwa mumtima sikofunikira nthawi zonse, chofunika kwa munthuyo ndi cholinga cholungama pamodzi ndi kuyenera kooneka m'makhalidwe ndi m'maphunziro. Chigamulochi chimamveka chouma, koma chidamasula anthu amantha omwe ankadikira chizindikiro chochokera kumwamba, ndipo chidadzichepetsa omwe ankadzidalira.

Lero mmonke sangadzozedwe udikoni asanachite malumbiro a moyo wonse, ndipo pakati pa udikoni ndi unsembe payenera kudutsa miyezi isanu ndi umodzi. Ena amalumbira n'kukhala abale moyo wawo wonse, osapempha za paguwa. Amene mkulu wa nyumba wamusankha kuti adzozedwe amayenera kupereka chikalata cholemba ndi dzanja lake ndi kusainira yekha, chonena kuti akulandira udindowo mwa kufuna kwake, popanda womukakamiza.