Kuwerenga modumpha ndi nambala zikuluzikulu

Ana a Sitandade 2 amaimba 2, 4, 6, 8 kapena 5, 10, 15 mpaka mawu kusasa, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Chimene chimandidandaulitsa monga mphunzitsi wa masamu n'chakuti timawasiyira pomwepo. Mwana wa Sitandade 6 mukamuuza kuti awerenge modumpha ndi 125 kapena 999, amangoti kukamwa yasa, pamene mayi wogulitsa mazira pamsika amawerenga mathireyi ake 30, 60, 90, 120 osagwira n'cholembera chomwe.

Nambala yaikulu mukhoza kuiphwanya pawiri: mbali yosavuta kuwerenga monga 40 kapena 1,000, ndi kachidutswa kotsalira. Zonse zobwerezabwereza zimene timaziona powerenga zimachokera ku kachidutswako.

Tiyese ndi 47. Tikhala ndi 47, 94, 141, 188, 235, 282, 329, 376, 423, 470. Yang'anani kumapeto kokha: 7, 4, 1, 8, 5, 2, 9, 6, 3, 0. Mapeto amenewa ndi omwe aja a 7, 14, 21, 28, chifukwa 40 uja, ngakhale mumuphatikize kangati, amathera ndi 0 ndipo sakhudza nambala yomaliza. Mukawerenga ndi 1,237 mupezanso zomwezo. Mwana wodziwa zimenezi akalemba kuti 47 kuchulukitsa ndi 6 ndi 284, amadzigwira yekha, poti akudziwa kuti yankho liyenera kuthera ndi 2.

Ya 999 ndiye ana amaikonda kwambiri akaitulukira: 999, 1,998, 2,997, 3,996, 4,995. Kutsogolo kukukwera, kumapeto kukutsika, chifukwa nthawi iliyonse mukuwonjezera 1,000 n'kuchotsapo 1. Mitengo ya m'masitolo ena imalembedwa motere. Katundu wa K4,999 mukagula 6, werengani ma K5,000 kufika K30,000, chotsanipo K6, mwapeza K29,994 musanafike n'komwe polipira.

Nambala zina zimazungulira msanga. Ndi 125 timapeza 125, 250, 375, 500, 625, 750, 875, 1,000, kenaka mapeto omwewo amayambiranso pa 1,125. Kudumpha ka 8 kulikonse ndi 1,000 yathunthu, choncho kudumpha ka 16 ndi 2,000, ka 17 ndi 2,125. Alimi amachita chimodzimodzi ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50: matumba 20 ndi tani imodzi, ndiye matumba 63 ndi matani 3 ndi makilogalamu 150.

Koma chitsanzo chimene ndimafuna kholo lililonse likambirane ndi mwana wake ndi cha 365, pakuti tonsefe timadumpha ndi nambala imeneyi chaka ndi chaka. Pano mbali yosavuta si 300 ayi. Popeza sabata ili ndi masiku 7, tifunse kuti ndi masabata angati akukwana mu 365. Yankho ndi masabata 52, omwe ndi masiku 364, n'kutsala tsiku limodzi. Masabata athunthuwo amatibwezera pa tsiku lomwe tinayambira, ndipo tsiku lotsalalo limatikankhira patsogolo kamodzi.

Dziko la Malawi linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, Lolemba. Mu 1965 tsikuli linagwa Lachiwiri. Mu 1966, pamene dzikoli linakhala ripabuliki, linali Lachitatu, ndipo mu 1967 linali Lachinayi. Mwana akafika apa amathamangira kunena kuti mu 1968 linali Lachisanu, koma ayi, linali Loweruka. Musamuuze chifukwa chake msanga. Mulekeni asinkhesinkhe kaye. Chaka chimenecho Febuluwale anali ndi masiku 29, choncho kudumpha kwake kunali kwa masiku 366, omwe ndi masabata 52 ndi masiku awiri otsala. Tsiku lobadwa la mwanayo limayendanso chimodzimodzi, ndipo akhoza kudziwiratu tsiku limene lidzagwere zaka zitatu kutsogoloku osatsegula foni.

Tipitirire pang'ono. Pa zaka 28 timasuntha masiku 28, limodzi pachaka. M'zaka zomwezo muli zaka 7 za Febuluwale wamasiku 29, zimene zimawonjezera masiku ena 7. Onse pamodzi ndi masiku 35, omwe ndi masabata 5 ndendende, popanda chotsala. N'chifukwa chake kalendala ya 1964 ikufanana ndi ya 1992 komanso ya 2020, ndipo m'zaka zonsezi 6 Julayi anagwa Lolemba. Idzafanananso ndi ya 2048. Kuzungulira kwa zaka 28 kumeneku kudzasokonezeka mu 2100, chifukwa malamulo a kalendala yomwe timagwiritsa ntchito amati chaka chothera ndi 00 chimalandira tsiku lowonjezera pokhapokha ngati chikugawika ndi 400. Chaka cha 2000 chinalandira, koma cha 2100 sichidzalandira.